KONZANI MAPEPALA ANU WOGULA ASANAFIKE

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa za Ulimi, kwa acikumbe ndi mafumu a kwa Dambe m'Boma la Neno.

Masiku ena timakambirana za mbatata ya kacewere, za tirigu, kapena za matenda a manacesi. Lero ndifuna tikambirane za nyumba ndi malo amene mbeu zimenezi zimerapo, ndi zimene munthu ayenera kukonzeratu ngati aganiza zogulitsa nyumba yace, kapena mitengo yace ya zipatso, kapena kubwereketsa munda wace.

Nonse mulikuona kuti alendo ofuna malo aculuka. Ena afuna nyumba pafupi ndi msika kuti atsegule golosale. Ena afuna munda wa kacewere wa nyengo imodzi. Ena ndi aejenti, amene sagula okha iai, koma apezera munthu wina wa ku Blantyre kapena ku Mwanza, nalandirapo gawo lao. Munthu wotere akanena kuti adzafika Lacinai, afika atadziwa kale mtengo umene afuna kuchula, ndi pepala la pangano liri kale m'thumba mwace. Koma mwini nyumba kawirikawiri amlandira cimanjamanja, osadziwa kukula kwa malo ace, osadziwa ciwerengero ca mitengo yace, ndiponso abale ace asanamve kanthu. Pamenepo ndi pamene payambira milandu imene itha zaka pa bwalo la mfumu.

Njira yopewera bvuto limeneli si yodula iai. Mufuna buku limodzi la sukulu, colembera, cingwe, envelopu yaikulu, ndi jumbo yoikamo kuti mapepala asanyowe. Mufunanso masabata awiri kapena atatu. Wogula akakufulumizitsani, muuzeni kuti adikire. Amene afunadi malo adzadikira.

YAMBANI MWADZIWA CIMENE MUNGATHE KUGULITSA

Malo ambiri kuno ndi malo a makolo, amene mafumu ayang'anira m'malo mwa anthu ao. Munthu amene anapatsidwa malo otere ali ndi ufulu wakumangapo ndi kulimapo, ndipo ana ace angathe kulowapo. Koma nthaka imeneyo siiri ngati mbuzi, imene mwini wace angakokere ku msika tsiku liri lonse. Nyumba ndi yanu cifukwa munaimanga, mitengo ndi yanu cifukwa munaibzala, koma za nthaka ziri ndi malamulo ace.

M'caka ca 2016 Nyumba ya Malamulo inapanga malamulo atsopano a za malo, ndipo limodzi la iwo, lochedwa Customary Land Act, ndilo lonena za malo a makolo. Linayamba kugwira nchito mu 2018. Lamuloli lilola munthu, kapena banja, kulembetsa malo ao ndi kulandira cikalata ca umwini. Nchito yolembetsayi inayamba moyesera m'maboma a Phalombe, Kasungu ndi Rumphi. Lamulo lomwelo linakhazikitsa komiti ya za malo m'dera la gulupu ali yense. Wapampando ndi a gulupu, ndipo pali anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi anthu a m'deralo, ndipo mwa iwo atatu kapena kuposa akhale amai. Mlembi wa komitiyo ndi kalaliki wa za malo wolembedwa nchito ndi khonsolo.

Lamulo la 2016 linaikanso ciletso pa kupereka malo olembetsedwa kwa munthu wa kunja kwa banja m'zaka zisanu zoyamba. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo inasintha zina m'malamulowa, nikhwimitsa za kugulitsa malo, makamaka kwa anthu amene si nzika za Malawi. Ife tiri m'malire ndi dziko la Mozambique, ndipo ambiri tiri ndi abale tsidya lija. Cibale n'cabwino, koma pa nkhani ya malo lamulo lifunsa ciphaso. Cifukwa cace ulendo wanu woyamba usakhale wa kwa wogula iai. Pitani kwa a nyakwawa ndi a gulupu, kenaka ku ofesi ya za malo ku Boma la Neno, mukafunse ngati cimene mufuna kucita n'cololedwa. Safunsa anadya phula.

Tsopano tiyeni tione zimene ziyenera kulowa m'envelopu muja.

COYAMBA: CIPHASO NDI MBIRI YA MALO

Ikani fotokope ya ciphaso canu ca unzika, cija tinalembetsa kuyambira mu 2017. Ciphaso ceniceni cikhale kwa inu, musacipereke kwa ejenti ngakhale kwa tsiku limodzi. Ngati dzina limene mudziwika nalo pamudzi lisiyana ndi la pa ciphaso, lembani onse awiri, ndipo a nyakwawa atsimikize kuti ndi munthu mmodzi.

Pa tsamba loyamba la buku lija lembani mbiri ya malowo. Anayamba kukhalapo ndani? Anapatsidwa ndi mfumu iti, caka citi? Inu munalowapo bwanji, mwa kubadwira, mwa ukwati, kapena mwa kupempha? Ngati zaka simuzikumbuka bwino, funsani akuluakulu, ndipo gwiritsani nchito zinthu zodziwika, monga caka ca njala ya 2002, kapena caka ca 2003 pamene Neno inapatuka ku Mwanza nikhala boma palokha. Mukatha kulemba, muwerenge mbiriyo pamaso pa a nyakwawa, ndipo iwo alembe kalata yao yaifupi yonena kuti ziri zoona, nadindepo.

Ngati nyumba yanu iri pa puloti ya lisi, ndiye kuti mapepala ace ndi ena. Pezani cikalata ca lisi, mapu a akatswiri oyeza malo, ndi malisiti a lendi ya nthaka imene mulipira ku Boma. Lisi siisamutsidwa kwa munthu wina popanda cilolezo ca a za malo, ndipo ngati muli ndi ngongole ya lendi, ibwezeni msanga kuti isadzacedwetse nkhani yanu.

CACIWIRI: CIBVOMEREZO CA BANJA

Pepala ili ndilo lofunika kopambana onse, ndiponso ndilo limene anthu aliiwala kawirikawiri. M'midzi yathu yambiri mwamuna akhala cikamwini, ndipo malo ndi a mbumba ya mkazi. Mkamwini angathe kumanga nyumba ya malata ndi ndalama zace, koma sangathe kuigulitsa yekha pamodzi ndi malo a eni mbumba. Cimodzimodzinso malume, ngakhale ali mwini mbumba, sangagulitse munda umene alongo ace ndi adzukulu ace adyapo, iwo osadziwa. Kumene mkazi anapita citengwa, nayenso anaumba nao njerwa ndi kutunga madzi omangira, ndipo mau ace ayenera kumveka.

Cotero itanani msonkhano wa banja. Pakhale mwamuna ndi mkazi, mwini mbumba, ndi ana onse akuluakulu. Amene ali kutali, ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Joni, aimbireni foni pamaso pa onse, ndipo atumize uthenga wolemba kuti musunge. Lembani tsiku, maina a amene analipo, ndi cimene mwagwirizana. Ali yense asaine kapena adinde cala. Ngati mmodzi akana, musapitirire mobisa. Kukana kwace lero pakhonde n'kwapafupi kukukonza kusiyana ndi kukana kwace caka camawa pa bwalo la milandu, ndalama zitadyedwa kale.

Ngati mwini nyumba anamwalira, cenjerani koposa. Lamulo la cuma ca masiye la caka ca 2011 linena kuti oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wotsala, ndi ana, ndipo kulanda cuma ca masiye ndi mlandu. Palibe mbale amene ali ndi mphamvu yogulitsa nyumba ya malemu cifukwa cabe ndiye wamkulu. Pitani ku ofesi ya Bwana D.C. akakuuzeni njira yopezera kalata yoyendetsera cuma ca masiye, ndipo fotokope ya kalatayo ilowe m'envelopu.

CACITATU: MALIRE NDI KUKULA KWA MALO

Sankhani tsiku, muitane onse amene mwacita nao malire, pamodzi ndi a nyakwawa kapena nduna yao. Yendani malire onse kuyambira pa ngondya imodzi kufikira mutabwerera pomwepo. Pa ngondya iri yonse pakhale cizindikiro cosasunthika msanga, monga mwala waukulu, mtengo, kapena khonje wobzala. Jambulani cithunzi ca malowo pa pepala, muonetse kum'mawa ndi kumadzulo, njira, mtsinje, nyumba, ndi maina a anansi ku mbali zonse. Sicifunika cokongola iai, cikhale coona basi. Anansi asaine m'munsi mwace. Amene ali ndi foni yojambula ajambule ngondya zonse anthu ataimirira pomwepo.

Za kukula kwa malo, ambiri amangoti ndi maekala awiri, cifukwa anamva conco kwa makolo. Yezani. Ekala imodzi ndi malo a mayadi pafupifupi 70 m'litali ndi 70 m'lifupi. Hekitala ndi mamita 100 m'litali ndi 100 m'lifupi, ndipo ikwana pafupifupi maekala awiri ndi theka. Tengani cingwe ca mamita 10, muyeze mbali iri yonse, mulembe pa cithunzi cija. Kumbukirani kuti kuno minda yambiri iri pa zitunda. Cingwe cikagona pa malo otsetsereka cionetsa utali woposa umene akatswiri alemba pa mapu, popeza iwo ayeza ngati malo ali a thyathyathya. Cotero musadabwe ngati ciwerengero cao cicepa pang'ono. Mlangizi wa m'dera lanu angathe kukuthandizani pa kuyeza ndi kuwerengera.

Onetsaninso pa cithunzi zinthu zimene siziri zanu nokha. Manda, njira imene anthu apitira ku madzi, kasupe amene mudzi wonse umwapo, dambo lodyetsera ziweto, ndi nkhalango ya mudzi, izi sizilowa m'malonda. Ngati pa malo anu pali manda a abale, nenani poyera kuyambira paciyambi, ndipo pangano linene kuti abale adzaloledwa kufikapo.

CACINAI: NYUMBA NDI ZONSE ZIRI PAMALOPO

Lembani nyumba monga iriri. Inamangidwa caka citi? Ndi ya njerwa zoocha kapena zidina? Anamangira simenti kapena dothi? Iri ndi zipinda zingati, malata angati, a geji yanji, zitseko ndi mazenera angati? Pansi n'pa simenti kapena pozira? Onjezani khichini, bafa, cimbudzi, khola, nkhokwe, ndi solala ngati ilipo, ndipo nenani zimene mudzacoka nazo ndi zimene mudzasiya. Malisiti a malata ndi simenti, ngati munasunga, aikeni pamodzi. Mukatero pitani ku sitolo ya zomangira mukafunse mitengo ya lero ya zinthu zomwezo, ndipo funsani mmisiri kuti angalipiritse zingati kumanga nyumba yotere tsopano. Ciwerengero cimeneco ndico cidzakuuzani ngati ndalama za wogula zingakumangireni pena pokhala.

Zolakwika musabise. Ngati denga lidontha, ngati khoma linang'aluka, ngati ciswe cinalowa m'mitengo ya denga, lembani. Wogula amene wadziwa yekha cilema atalipira kale abwera ndi mlandu, koma amene anauzidwa nasaina alibe ponena. Ngati nyumbayo kapena mitengo munaika cikole pa ngongole, kaya ku banki m'khonde kaya kwa munthu wa katapila, lembaninso, ndipo ngongoleyo ithe malonda asanacitike.

CACISANU: MITENGO NDI ZOKOLOLA

Apa ndi pamene acikumbe ambiri aluza. Dziko lonse lidziwa manacesi a ku Neno ndi Mwanza, koma eni ace ambiri sadziwa kuti ali ndi mitengo ingati. Werengani mtengo uli wonse, muugawe m'magulu atatu: yobala, yosayamba kubala, ndi yokalamba kapena yodwala. Citani cimodzimodzi ndi mapeyala, mango, mapicesi, nthoci, nsungwi, bulugama ndi paini. Mtengo wa manacesi womezanitsa uyamba kubala patapita zaka zitatu kapena zinai, ndipo wa njere ucedwa kuposa pamenepo. Cotero amene agula munda wobala kale agulanso zaka zonsezo za thukuta lanu.

Lembani zokolola za zaka zitatu zapitazi, osati caka cimodzi cokha, cifukwa manacesi kawirikawiri abala kwambiri caka cino, nacepetsa caka cinaco. Lembani matumba a kacewere, a cimanga, a nyemba ndi a tirigu, ndi ndalama zimene mavenda anakupatsani. Nenaninso nchito imene mwagwira pa nthaka, monga akalozera, migula, udzu wa vetiva, ndi manyowa amene mwathira. Munda wa pa citunda wosamalidwa conco susiyana pang'ono ndi munda wokokoloka.

Tiyeni tiyerekeze. Munthu ali ndi mitengo 40 yobala, ndipo uli wonse umpatsa matumba awiri pa caka. Pamodzi ndi matumba 80. Wogula achula ndalama zimene pakumva ziri zambiri, koma mukaziwerengera zifanana ndi mtengo wa matumba 160. Ndiko kunena kuti munthuyo wapereka munda wonse pa zokolola za zaka ziwiri zokha, pamene mitengoyo ikadadyetsa ana ace zaka zambiri. Popanda buku sakadaona zimenezi. Ena akawerengera conco aona kuti n'kwabwino kugulitsa zipatso za caka cimodzi, kapena kubwereketsa munda nyengo imodzi, m'malo motaya zonse. Ngati bvuto lanu ndi fizi ya mwana kapena matenda, yambani mwaganizira njira zimenezi.

Buku lomweli lithandizanso pamene Boma lifuna malo cifukwa ca citukuko, monga mseu, magetsi, kapena njanji ngati ija ya ku Nacala yodutsa m'boma lathu lino, imene inatsegulidwa mu 2017. Pa nthawi zotere akatswiri a cipukuta misozi awerenga nyumba, mitengo ndi mbeu. Amene ali ndi ciwerengero cace colemba angathe kufananitsa ndi cao, nafunsa ngati pali kusiyana.

CACISANU NDI CIMODZI: MTENGO NDI KALIPIRIDWE

Musanakomane ndi wogula, gwirizanani pa banja mitengo iwiri: umene mudzayambira kuchula, ndi wotsika umene simudzatsikanso. Waciwiriwo usalowe m'envelopu iai, ukhale m'mitima mwanu. Funsani mwakacetecete kuti nyumba zina zofanana ndi yanu zinapita pa ndalama zingati, ndipo caka citi.

Cenjerani ndi malipiro a pang'onopang'ono. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Amene anabvomera kulandira theka la ndalama zace patapita caka anapeza kuti thekalo siligulanso malata amene akadagula poyamba. Ngati simungathe kupewa, pangano linene tsiku leni leni la malipiro ali onse, ndi cimene cidzacitika wogula akalephera. Musatuluke m'nyumba ndalama zonse zisanakwane. Ngati pali ejenti, gawo lace lilembedwe poyera, ndi amene adzamlipira.

TSIKU LA KUKOMANA

Kukomanako kucitike masana, pakhomo panu kapena kwa a nyakwawa, osati ku malo omwera mowa. Pakhale mboni ziwiri za mbali yanu, ndi mmodzi wodziwa bwino kuwerenga. Onetsani wogula mafotokope, mapepala enieni akhale kwa inu. Nayenso aonetse ciphaso cace, ndipo mulembe dzina ndi nambala yace. Ngati ndi ejenti, anene amene wamtuma. Yendani naye malire ndi cithunzi ciri m'manja.

Tsiku loyambalo musasaine kanthu. Musasaine pepala losalembedwa, kapena la Cingelezi limene simunamve tanthauzo lace. Pemphani kuti pangano lilembedwe m'Cicewa, mugone nalo masiku angapo, mukalionetse kwa kalaliki wa za malo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pangano likatheka, likhale m'makope atatu: lanu, la wogula, ndi la kwa mfumu. Ndalama zambiri n'kwabwino zidzere ku banki, kuti pakhale umboni, ndiponso kuti akuba asakutsateni usiku.

MAU KWA INU MAFUMU

Makolo anga, cidindo canu n'colemera, ndipo anthu acikhulupirira. Ndikupemphani mwaulemu kuti musadinde pepala la malo musanaone zinthu zitatu: cibvomerezo ca banja lonse, cithunzi ca malire cosainidwa ndi anansi, ndi ciphaso ca wogula. Funsani mkazi payekha ngati wabvomeradi. Funsani kumene banjalo lidzakhala ndi kumene lidzalima, popeza munthu akatha ndalama adzabwera kwa inu nomwe kudzapempha malo ena, ndipo malo opanda mwini atsala ocepa. Sungani buku la mudzi lolembamo pangano liri lonse, tsiku lace ndi mboni zace, kuti amene adzalowa ufumu pambuyo panu asadzayambe kufunsa za m'mutu. Malo amodzi asaperekedwe kwa anthu awiri.

Mkangano ukabuka, lamulo linaika makwerero ace. Uyambira ku bwalo la za malo la kwa Mfumu Yaikulu, amene sanakhutire apita ku bwalo la za malo la pa boma, ndipo pamwamba pace pali bungwe lalikulu la dziko lonse. Pa makwerero onsewa adzafunsa mapepala ndi mboni, ndipo amene anakonzeratu envelopu yace sabvutika kuyankha.

Pomariza ndinene kwa inu nonse, ngakhale amene simuganiza zogulitsa kanthu. Konzani envelopu imeneyi caka cino, mvula isanayambe, akuluakulu odziwa malire akali moyo. Idzakuthandizani pa tsiku lolembetsa malo, idzathandizanso ana anu inu mutapita. Ikani m'jumbo, musunge m'bokosi losafika makoswe ndi ciswe, ndipo kope lina likhale kwa mbale wokhulupirika. Amene afuna thandizo pa kuyeza munda kapena kuwerenga mitengo aonane ndi mlangizi wa m'dera lace.